Asanatigulitse seguro ya mankhwala, atiuze kumene kuli farmasiya

Abale ndi alongo a ku Chidzolomondo, Furancungo, Tsangano, Ntengo-wa-Mbalame ndi midzi yonse ya m'malire, m'kalata ino ndikufuna tikambirane za seguro ya mankhwala, imene anzathu a ku Malawi amati inshuwalansi. Ambiri a ife nkhaniyi timaiona ngati ya anthu a m'tauni, olandira malipiro pa mwezi. Koma boma lathu lakhala likukamba kwa zaka zingapo tsopano zokhazikitsa seguro ya umoyo, ndipo mukudziwa inu kuti nkhani zophikidwa ku Maputo zimafika kuno zitapsa kale, ife n'kungouzidwa kuti sambani m'manja. Maganizo anga ndi awa, ndipo ndi anga ndekha, si a wailesi: aliyense wofuna kutenga ndalama zathu kapena za boma polonjeza kuti azitilipirira mankhwala, kaya ndi kampani kaya ndi bungwe la boma lomwelo, ayambe wasonyeza poyera malo amene tizikatengako mankhwalawo ndi maola amene tiziyenda kuti tikafikeko. Akalephera kuyankha, asapatsidwe chilolezo.

Poyamba timvane tanthauzo. Seguro ndi thumba losonkherana. Anthu ambiri amaponyamo kandalama kochepa akadali bwino, kuti amene wadwala athandizidwe kuchokera m'thumbamo. Inu amayi a m'magulu a banki mkhonde mukuzidziwa kale zimenezi, chifukwa pambali pa masheya mumasunga kandalama kapadera ka matenda ndi maliro. Kusiyana kwake n'kwakuti pa banki mkhonde wosunga bokosi mumamudziwa mpaka agogo ake, makiyi ali ndi anthu atatu, ndipo bokosilo limatsekulidwa aliyense akuona. Bokosi la kampani ya seguro lili kutali, wosunga simunamuonepo nkhope, ndipo phindu lake limabwera pamene zimene watolera zachuluka kuposa zimene walipira. Sindikuti ndi kuba ayi, ndi bizinesi. Koma ndi bizinesi yoti munthu amalipira lero chinthu chimene adzachifune tsiku limene alibe mphamvu zokangana ndi wina aliyense. N'chifukwa chake maboma salola kuti munthu angodzuka m'mawa n'kuyala seguro pa thebulo ngati tomato.

Tsono ife vuto lathu la mankhwala ndi lotani? Tinene chilungamo, pa chipatala cha boma mtengo si umene umativuta. Kwa zaka zambiri kuonana ndi namwino pa chipatala cha kumudzi kwakhala metikali 1, ndipo reseta ndi mametikali 5, kaya alembapo mtundu umodzi wa mankhwala kaya mitundu itatu. Ma ARV, mankhwala a TB, katemera wa ana ndi sikelo ya amayi apakati ndi zaulere. Zimenezi zili ndi mbiri yake. Pa 24 Julaye 1975, patangotha mwezi umodzi dziko litalandira ufulu, Samora Machel analengeza kuti zipatala zonse zikhala m'manja mwa boma. Mu 1977 dziko lathu linatulutsa mndandanda wake wa mankhwala ofunikira, Formulário Nacional de Medicamentos, chaka chomwecho chimene bungwe la WHO linatulutsa mndandanda wake woyamba wa dziko lonse lapansi. Zipatala za eni ake zinadzaloledwanso mu 1991. Choncho pa pepala ndife anthu amwayi, ndipo akuluakulu amene anakonza zimenezi tiyenera kuwathokoza.

Chimene timaopa ndi mawu awiri aja a pa zenera la farmasiya: "Atha, kaguleni." Piritsi lisanafike pa zenera limenelo limayenda ulendo wautali. Amene amagula ndi kugawa mankhwala a boma ndi bungwe la CMAM, lomwe lili ndi nkhokwe zikuluzikulu ku Maputo, ku Beira ndi ku Nampula. Kuchoka kumeneko katundu amadutsa mumzinda wa Tete, n'kukwera phiri kubwera ku likulu la distirito, kenako ku chipatala chaching'ono, ndipo ena amathera m'kabokosi ka APE, mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi amene amayeza malungo ndi kupereka thanzi kwa mwana wotsekula m'mimba. Paliponse pa ulendowu pangathe kuduka. Ndalama zikachedwa ku Maputo, galimoto ikasowa mafuta, mlatho ukakokoloka mu Febuluwale, wina wa manja aatali akapatutsa katoni, zotsatira zake n'zimodzi. Ogwira ntchito zachipatala eni ake, pa sitiraka zimene anachita mu 2023 ndi 2024, anadandaula poyera za kusowa kwa mankhwala ndi zipangizo. Ndipo mu Januwale 2025, boma la America litaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lopita kunja, abale athu ambiri omwa ma ARV anagona osagona, chifukwa gawo lalikulu la ntchito yolimbana ndi HIV m'dziko muno linkayendera ndalama za kumeneko.

Namwino akati kaguleni, mukagula kuti? Farmasiya yeniyeni, yokhala ndi chilolezo komanso munthu wophunzira za mankhwala, imapezeka m'matauni monga Ulongué ndi Tete. Mtengo wa njinga yamoto kupita ndi kubwera nthawi zambiri umaposa mtengo wa mankhwalawo, osawerengera tsiku lathunthu limene munda wagona. Ndiye munthu amatani? Amadikira tsiku la msika n'kukagula kwa mnyamata woyala mapiritsi pa chiguduli padzuwa, makapisozi anayi m'malo mwa mlingo wonse wa masiku asanu kapena asanu ndi awiri, osadziwa ngati anatha mphamvu kapena ngati ndi ufa chabe. Ena amaoloka malire kupita ku zipatala za ku Dedza kapena ku Ntcheu, kumene chipatala cha boma salipiritsa, koma nakonso mawu aja a pa zenera amamveka. Sindikudzudzula aliyense wochita zimenezi. Mwana akutentha thupi usiku, kholo silingakhale pansi n'kumawerenga malamulo.

Mwaona tsono pamene pagona nkhani. Khadi la seguro lolipira mametikali 5 a reseta silitithandiza kanthu, amenewo timawapeza pogulitsa mazira. Khadi laphindu ndi limene lingatipatse mankhwala pa tsiku limene chipatala cha boma chilibe. Ndipo zimenezo zimafuna kuti pakhale malo ena oti n'kukatengako, pafupi moti mayi wobereka mwana kumsana angathe kupita ndi kubwerako dzuwa lisanalowe. Aphunzitsi athu ndi ena ogwira ntchito m'boma ali ndi chonena pa nkhani imeneyi. Lamulo la mu 1996 linakhazikitsa kuti azidulidwa 1.5 peresenti ya malipiro awo mwezi ndi mwezi, ya thandizo la chipatala ndi mankhwala. Afunseni nokha aphunzitsi a pa sukulu ya m'mudzi mwanu kuti mwana wawo atadwala komaliza, mankhwala anawapeza kuti, nanga analipira ndani.

Pali dziko limene linasankha kupereka ntchito yolipirira mankhwala kwa makampani a seguro, boma n'kumathirapo ndalama. Dzikolo ndi America, ndipo ndikufuna ndikufotokozereni mmene kampani imapemphera chilolezo kumeneko, chifukwa mafunso amene amaifunsa ndi amene ifenso tiyenera kuphunzira kufunsa. Kumeneko kuli ndondomeko ya boma yotchedwa Medicare, yomwe inayamba mu 1965, yothandiza anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo ndi olumala. Kwa zaka 40 ndondomekoyi inkalipira chipatala ndi dokotala, koma mankhwala okamwera kunyumba agogo ankagula okha. Pa 8 Disembala 2003 pulezidenti George W. Bush anasayina lamulo lowonjezera gawo la mankhwala, lotchedwa Part D, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2006. Boma silinatsekule mafarmasiya ake. Linaitana makampani kuti apikisane, ndipo lamulolo linati boma lizilipira pafupifupi magawo atatu mwa anayi a mtengo wa thandizoli, gawo lotsalalo azilipira mwini wake mwezi ndi mwezi. Lero anthu oposa 50 miliyoni ali m'menemo, kuposa chiwerengero cha anthu onse a m'Mozambique.

Kampani yofuna kulowa imayenda ulendo wopitirira chaka chathunthu. Mu Novembala, ife tikudikira mvula yobzalira, iyo imalembera ofesi ya boma yotchedwa CMS kuti ikufuna kupempha. Mu Febuluwale, nthawi imene nkhokwe zathu zimayamba kuoneka pansi, imapereka pempho lonse ndi maumboni ake. Lolemba loyamba la mwezi wa Juni, misika ya fodya ili pakati, imapereka mtengo umene ikufuna pa munthu mmodzi, ndipo akatswiri a boma owerengetsa ndalama amaufufuza kuona ngati sunakwezedwe dala. Mgwirizano umasayinidwa cha mu Seputembala. Kuyambira pa 15 Okutobala mpaka pa 7 Disembala anthu amasankha kampani imene akufuna, ndipo thandizo limayamba pa 1 Januwale. Mgwirizanowo ndi wa chaka chimodzi basi. Chaka chotsatira mtengo ndi mndandanda wa mankhwala zimaperekedwanso kuti ziunikidwe.

M'pempho muja amafunsa chiyani? Kampani imasonyeza kuti ili ndi chilolezo chogulitsa seguro m'dera limene ikufuna kugwiramo ntchito, komanso kuti ili ndi chuma chokwanira kulipira ngakhale odwala atachuluka kuposa mmene inkayembekezera. Siloledwa kusankha tauni yokha n'kusiya midzi: dzikolo linagawidwa m'madera 34, ndipo kampani ya seguro ya mankhwala ikatenga dera imalitenga lonse. Siloledwanso kukana munthu chifukwa choti ndi wodwaladwala. Mndandanda wake wa mankhwala uyenera kukhala ndi mitundu iwiri kapena kuposerapo pa gulu lililonse la mankhwala, ndipo pali magulu asanu ndi limodzi amene iyenera kulipira pafupifupi mankhwala ake onse. Mwa amenewa muli ma ARV, mankhwala a khansa, a khunyu ndi a matenda a maganizo. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Kampani yochenjera ingathe kuchotsa ma ARV pa mndandanda wake, anthu omwa ma ARV n'kuithawa okha, iyo n'kutsala ndi anthu athanzi okhaokha olipira osatengako kanthu. Boma linatseka khomo limenelo. Wodwala akapempha mankhwala amene kampani ikuzengereza kulipira, iyenera kuyankha pasanathe maola 72, ndipo ngati zili zachangu, pasanathe maola 24. Woimba foni amene samva Chingerezi ayenera kupatsidwa womasulira kwaulere. Pa ndalama 100 zilizonse zimene kampani yalandira, zosachepera 85 ziyenera kupita ku mankhwala ndi chisamaliro cha odwala, lamulo limene linayamba mu 2014.

Koma funso limene linandigwira mtima ine ndi la mtunda. Kampani iyenera kupereka mayina ndi malo a mafarmasiya onse amene yagwirizana nawo, ndipo boma limayeza pa mapu. M'mizinda, anthu 90 mwa 100 alionse ayenera kukhala ndi farmasiya pa mtunda wosapitirira mamailosi 2. M'madera ozungulira mizinda, 90 mwa 100 pa mamailosi 5. Kumidzi, 70 mwa 100 pa mamailosi 15, omwe ndi pafupifupi makilomita 24. Taimani kaye pamenepa, makolo anga. Dziko lolemera chonchija, la misewu ya phula ndi galimoto pafupifupi pakhomo lililonse, linaona kuti lonjezo la mankhwala ndi lopanda pake ngati palibe lamulo la mtunda. Ndipo ngakhale pamenepo anthu a kumudzi anapatsidwa muyeso wopepuka, 30 mwa 100 n'kusiyidwa kunja kwa muyesowo. Makilomita 24 pa galimoto ndi theka la ola. Makilomita 24 wapansi m'mapiri a ku Tsangano, mvula ikugwa, ndi tsiku lathunthu, kupita kokha. Ngati iwo anayeza ndi mamailosi, ife atiyezere ndi maola a mwendo, ndipo ayeze mu Febuluwale, osati mu Ogasiti.

Malamulowa ali ndi mano. Mu Malichi 2010 ofesi ya CMS inathetsa mwadzidzidzi mgwirizano wake ndi kampani ya Fox Insurance, itapeza kuti inkachedwetsa ndi kukaniza anthu mankhwala ofunikira, kuphatikizapo a HIV, a khansa ndi a khunyu. Anthu oposa 100,000 anasamutsidwira kwina. Chaka ndi chaka makampani amapatsidwa nyenyezi, kuyambira imodzi mpaka zisanu, monga mmene mwana amalandirira malikisi kusukulu, ndipo zotsatira zake zimaikidwa poyera kuti agogo aone asanasankhe.

Musaganize kuti ndikukuuzani kuti titengere za ku America. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Lamulo la 2003 lija linali ndi bowo limene eni ake analitcha bowo la donasi. Mu 2006, mankhwala a munthu akafika pa madola 2,250 m'chaka, seguro inkaima, munthu n'kumalipira yekha zonse mpaka zotuluka m'thumba mwake zitakwana madola 3,600, ndipo pamenepo m'pamene seguro inkayambiranso. Ndiye kuti amene ankadwala kwambiri ndi amene ankagwera m'dzenjemo, ena n'kumadula mapiritsi pakati kuti afike nawo kumapeto kwa chaka. Lamulo lomwelo linaletsa boma kukambirana mitengo ndi mafakitale a mankhwala. Lamulo lina la 2022 linabweretsa kusintha kwakukulu: insulini ya odwala shuga inaikidwa pa madola 35 pa mwezi kuyambira 2023, mu 2025 anaika malire akuti munthu asalipire kupitirira madola 2,000 pa chaka kuchokera m'thumba mwake, ndipo mitengo yoyamba yokambirana ndi boma, ya mankhwala 10, inakonzedwa kuti iyambe mu Januwale 2026. Zaka pafupifupi 20 kukonza cholakwa chimene chinalowa m'lamulo tsiku limodzi. Ichi n'chimene chikundichititsa kulankhula lero, zinthu zisanalembedwe. Pa nkhani yogula mankhwala ndingati ife tili bwino kuposa iwo, chifukwa boma limagula lokha mochuluka kudzera ku CMAM ndipo lingathe kunenerera mtengo. Zimenezo tisazitaye pofuna kuoneka amakono.

Anansi athu a ku Zambia anadzera njira ina. Lamulo lawo la 2018 linakhazikitsa bungwe limodzi la boma, NHIMA, ndipo kuyambira 2019 wolembedwa ntchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro, bwana wake n'kuwonjezera 1 peresenti ina. Kumeneko opempha chilolezo ndi zipatala ndi mafarmasiya. Amene avomerezedwa ndi NHIMA ndiwo amapereka mankhwala kwa mwini khadi pamene chipatala chilibe, bungwelo n'kudzawabwezera ndalama. Nzeru yake ndi yabwino ndipo ikufanana ndi vuto lathu. Koma manyuzipepala a kumeneko alemba kambirimbiri za ngongole zimene bungweli lakhala nazo kwa zipatala ndi mafarmasiya, ndipo farmasiya yosalipidwa imatopa n'kuyamba kubweza anthu. Komanso mafarmasiya amakonda kumene kuli ndalama. Wa ku Chipata kapena ku Lusaka khadi limamuthandiza msanga kuposa mlimi wa m'mphepete mwa malire.

Tsono pempho la aliyense wofuna kudzagwira ntchito imeneyi kuno likhale ndi chiyani? Mayina a malo, choyamba. Osati "chigawo cha Tete" ayi, chifukwa mawu amenewo amakwana ndi farmasiya imodzi ya mumzinda pafupi ndi mlatho wa Zambezi. Alembe kuti ku Chidzolomondo anthu azikatenga apa, ku Ntengo-wa-Mbalame apa. Ngati malowo palibe, anene kuti adzawatsekula liti, kapena kuti ndalama zimene atolere kuno zidzalipira galimoto yobweretsa mankhwala pa chipatala chathu chomwechi. Ine ndikuona kuti njira yachiwiriyi ndiyo yanzeru. Zipatala tili nazo kale, anamwino alipo, ma APE alipo. Chosowa ndi katoni yofika pa nthawi yake. Ndalama ya seguro imene siwonjezera piritsi ngakhale limodzi pa shelefu ya kwathu ndi msonkho wopita kutauni.

Pakhalenso nkhani ya nthawi yolipira. Malamulo a seguro amalembedwa ndi anthu olandira malipiro pa mwezi, ndiye amaganiza kuti aliyense ali ndi tsiku la 30. Mlimi wa fodya wa ku Macanga amaona ndalama kamodzi pa chaka. Wa mbatatesi ndi tirigu ku Tsangano amaziona pokolola. Matenda ambiri, makamaka malungo, amabwera m'nyengo ya mvula, pamene m'thumba mulibe kanthu. Khadi limene limazima munthu akaphonya mwezi umodzi lidzazima mu Januwale, pamene likufunika. Alole kulipira kamodzi pa chaka, pokolola. Koma apa ndichenjeze. Wina adzabwera ndi nzeru yoti ndalamayo izidulidwa pa belo la fodya, monga mmene ngongole ya feteleza ndi mbewu imadulidwira. N'zosavuta kwa wotolera, inde. Koma mlimi amene waona kale mizere yambiri ya zodulidwa pa pepala lake ayenera kuvomera yekha, atamva m'chilankhulo chake, ndipo akhale ndi ufulu wokana osataya kontarakiti yake ya fodya.

Za chilankhulozi ndiwonjezere. Ambiri a makolo athu Chipwitikizi cha m'mapepala a malamulo sachimva, ngakhale ife amene tinafika ku sekondale chimatizunguza mutu. Mndandanda wa mankhwala olipiridwa, ndi wa osalipiridwa makamaka, ulembedwe m'Chichewa ndipo upachikidwe pa khoma la chipatala. Mankhwala a BP, a shuga, a mphumu ndi a khunyu akhalepo, chifukwa amenewa ndi omwa moyo wonse ndipo ndi amene amamaliza mbuzi m'khola. Munthu wakhunyu akadukiza mankhwala mwezi umodzi angathe kugwera pamoto. Anenenso ngati khadilo lidzagwire ntchito kutsidya kwa malire, chifukwa pali midzi imene chipatala chapafupi chili ku Malawi, ndipo matenda sadziwa kuti mwala wa malire uli pati.

Alipo amene angandiyankhe kuti mwana iwe, ukachulutsa zofuna palibe kampani imene idzabwere kumudzi kuno. Mwina n'zoona. Koma kampani imene ingabwere pokhapokha itamasulidwa ku udindo wotipatsa mankhwala, ikubwera kudzatani? Bola tikhale ndi mametikali athu m'bokosi la banki mkhonde, limene limatsekuka usiku womwewo mwana akadwala. Ena angati zimenezi n'za aphungu ndi nduna, ife alimi tilibe mawu. Komatu pa chipatala pali komiti ya cogestão, mmene mumakhala anthu a m'mudzi pamodzi ndi ogwira ntchito, ndipo ili ndi ufulu wodziwa za mankhwala amene afika. Pali mafumu athu, pali makhonsolo a m'madera amene amakumana ndi akuluakulu a posto ndi a distirito. Kalata yochokera ku komiti, yotchula masiku amene mankhwala akutiakuti anasowa, imalemera kuposa madandaulo a pa bawo.

Pakadali pano pali chimene mungachite kuti musabedwe. Nyengo yogulitsa fodya ikafika kumabwera alendo ambiri ovala bwino, ena oona mtima, ena ayi. Wina akakuuzani kuti akugulitsa seguro ya umoyo kapena ya mankhwala, dziwani kuti lamulo la dziko lino la pa 31 Disembala 2010, Decreto-Lei 1/2010, linati ntchito ya seguro imafuna chilolezo cha boma, ndipo linakhazikitsa bungwe loyang'anira makampaniwa pa dzina la ISSM. Lamulo lomwelo linatsekula njira ya seguro zing'onozing'ono za anthu opeza zochepa, zotchedwa microsseguro, koma nazonso zimafuna chilolezo. Choncho mufunseni dzina lonse la kampani, khadi lake la ntchito, ndi pepala la mgwirizano loti mutsale nalo. Musapereke ndalama tsiku lomwelo. Tengani pepalalo mukawerengetse kwa mphunzitsi kapena kwa wa komiti ya chipatala. Musatumize ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola ku nambala ya munthu. Dziwaninso kuti INSS, imene ena a inu munalembetsako, ndi ya penshoni ndi thandizo la ndalama munthu akadwala kapena akamwalira, si khadi lokatengera mankhwala ku farmasiya. Ndipo mufunseni funso lija, pamaso pa anthu: mwana wanga akadwala usiku uno, chipatala n'kunena kuti atha, khadi ili ndipita nalo pakhomo liti? Akatchula Tete, mufunseni ngati kampani ilipira njinga yamoto. Safunsa anadya phula.

Ndili ndi pempho kwa inu amene mumalandira kalatayi. Kuyambira mwezi uno, reseta iliyonse imene mwabwezedwa nayo osalandira mankhwala musaitaye kapena kukulungira fodya. Lembani kumbuyo kwake tsiku, kumene munakagula, ndalama za mankhwala ndi ndalama za ulendo. Ngati simutha kulemba, mwana wa sukulu akulembereni. Dzina la wodwala mulifute kapena mulipinde, silikufunika. Perekani kwa wa komiti ya zaumoyo wa m'mudzi mwanu kapena kwa mtsogoleri wa gulu lanu la omvera, ndipo ife a wailesi tidzasonkhanitsa n'kuwerenga manambalawo pa pulogalamu ya zaumoyo, mudzi ndi mudzi, mvula ikadzatha. Anamwino athu musaone ngati tikukusakani, tikudziwa kuti shelefu simudzaza ndinu, ndipo mpando wanu mu situdiyo udzakhalapo tsiku limenelo.